Malo a Miyendo Yako M'basi ya ku Joni

Chintheche,
Lachitatu masana.

Wongani mwana wanga,

Iwe wapita ku Kande kukatsanzika anzako, ine ndatsala pabalaza pano ndi katundu wa anthu. Ndatenga cholembera chifukwa pakamwa ndikulephera. Ndikangoti ndiyambe, iwe umaseka, umati, "Ama, ulaliki wayamba," ndiye zonse zimene ndinakonza m'mutu zimabalalika. Choncho werenga. Uwerenge lero lomwe, osati mawa uli m'basi, chifukwa zina zikufunika usanakwere.

Ndikulemba m'Chichewa changa cha ku Ntchisi. Ndinabwera kuno ndili mtsikana kudzaphunzitsa ku pulayimale, ndinakwatiwa kuno, ndinakubereka kuno, koma mantha akandigwira Chitonga chimandithawa. Undikhululukire.

Ndikuuze zimene ndikuona pamene ndakhalapa. Chikwama chako chili pakhomo la kuchipinda, chimodzi chokha, chaulemu. Koma kuchokera pawindo mpaka pakabati ndi maphukusi okhaokha. Mpunga wa ku Limphasa wa anyaMhone, akuti ukawapatse amuna awo. Katoni ya usipa wouma, fungo lake lalowa kale m'makatani. Timatumba ta ufa wa kondowole, kalikonse kali ndi dzina la mwini wake. Chiyambire pamene anthu anamva kuti mwana wa a Manda akupita ku Joni kwa bambo ake aang'ono, pakhomo pano sipakuuma mapazi. Ukudziwa m'mene zimakhalira kuno, munthu sapita ku Joni yekha, amapita ndi mudzi wonse m'matumba. Ndipo poti katundu wa m'ngolo yokokedwa ndi basi amamuika pasikelo, aliyense akunena mawu amodzimodzi: "Ndi kakang'ono aka, angoika kumiyendo."

Kumiyendo. Wongani, kumiyendo kwako ndi kumene kunafuna kukutenga chaka chatha.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga koyamba, kumene ndinakhala nako zaka zambiri osadziwa kuti ndi kulakwa. Ine ndinkaganiza kuti Mulungu amapatsa munthu matenda amodzi. Uli khanda, ndikakupsompsona pamphumi milomo yanga inkamva mchere, ndipo unkatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Tinayezetsa TB kangapo, osapezeka. Ena anati ndi mphumu. Unali utayamba kale sukulu pamene dokotala wina kuchipatala chachikulu anatchula dzina lija, sisitiki faibulosisi, limene mpaka lero ndimalitchula ngati ndikutafuna mchenga. Anati makhololo ako ndi olimba ngati ulimbo, amakakamira m'mapapo, ndipo anandiphunzitsa kupinda manja ngati chikho n'kumakumenya pamsana m'mawa ndi madzulo kuti azituluka. Ndinaphunzira. Msana wako ndimaudziwa kuposa nkhope yanga. Ndimadziwa kulira kwake makhololo akadzaza, ndimadziwa akatuluka. Ndiye ndinati mumtima, mtanda wa mwana wanga ndi umenewu, wina sudzabweranso. Mutu ukakupweteka ndinkati ndi makhololo. Ukatopa ndinkati ndi makhololo. Mwana wanga, usadzachite ngati ine. Thupi limene lili ndi mlendo mmodzi silitseka chitseko. Chikakupeza chachilendo, usathamangire kunena kuti ndi zakale zomwe zija.

Kulakwa kwachiwiri ukukukumbuka, koma iwe umakukumbuka uli chigonere, ine ndimakukumbuka ndili chiimire. Unali utagona m'chipatala nthawi yaitali, dilipi ili pamkono, chifuwa chitakula monga chimachitira nyengo yozizira. Atatitulutsa tinakwera minibasi, ndipo ndi manja angawa ndinakankhira chikwama chathu pansi pa miyendo yako, mapoto ndi mabulangete ndinakusenzetsa pamawondo, kuti kondakitala asatinene kuti tadzaza malo. Unakhala wopindika njira yonse yotsika mapiri ija, sunadandaule. Sudandaula iwe, ndilo vuto lako. Patapita masiku pang'ono unati katumba wa mwendo wamanzere akukoka. Ndinayang'ana, mwendo unali utatupa kuposa unzake, wofunda. Ndinachita zimene mayi aliyense wa kuno kapena wa kwathu angachite. Ndinatereka madzi, ndinaviika nsalu, ndinauthowa, kenako ndinaukanda ndi mafuta mwamphamvu, kuchokera kukakolo kukwera m'mwamba. Unkafuula kuti, "Ama, mundithyola!" ine ndikuseka, ndikuti mwamuna wanji woopa nsalu. Ndinkayimba nyimbo ya kutchalitchi pokanda paja. Ndimati ndikakumbuka nyimbo imeneyo, Lamulungu akaiyamba ndimangoyendetsa milomo.

M'mawa mwake unadzuka ukupuma ngati wathamanga kuchokera kumsika. Ine ndinati makhololo. Ndinakugoneka chafufumimba pamphasa ndi kuyamba kumenya. Koma msana unkalira mwachilendo, Wongani. Unkalira bwino. Munalibe kulirima kuja kwa masiku onse, unali ngati msana wa mwana wa munthu wina wathanzi, koma iwe ukulephera kumaliza liwu limodzi. Unagwira m'nthiti, unati pakubaya ukamakoka mpweya. Mtima wako ndinkaumva m'zikhato mwanga ukuthamanga. Unati, "Ama, lekani. Si zimenezo ayi." Ndinamva, koma sindinaleke. Ndinaonjezera mphamvu, chifukwa ndi chokhacho chimene manja anga ankadziwa. Bambo ako ndi amene anaona kuti milomo yako yasintha mtundu, n'kuthamanga opanda nsapato kukapempha galimoto kwa mnzawo woyendetsa alendo ku Makuzi. Mwana wanga, tsiku limene thupi lako lidzanene kuti si zimenezo ayi, ulimvere, ngakhale amene akukutsutsa ndi munthu wokukonda. Kubanika kodzidzimutsa, kubaya m'nthiti, mtima kuthamanga uli phee, mwendo umodzi kutupa: usagone kaye kuti uone mawa. Usalole munthu akukande. Ngakhale atakhala ine.

Dokotala amene anatilandira kuchipatala chachikulu anali wamng'ono, ngati ana amene ndinawaphunzitsa, koma anandifotokozera mondilemekeza. Anati, "Mayi, m'mapapo muli njira ziwiri, ya mpweya ndi ya magazi. Inu mwakhala mukusesa ya mpweya zaka zonsezi, ndipo mwasesa bwino. Lero yatsekeka ndi ya magazi." Anati magazi anaundana m'mwendo chifukwa cha kugona nthawi yaitali ndi kudwala, kenako kachibuluma kake kanachoka, kanayenda m'mitsempha mpaka kukatseka m'mapapo. Ndinafunsa ngati ndine ndinakakankha ndi kukanda kuja. Anayang'ana pansi, anati, "Mwina, mwinanso ayi. Kakanatha kuchoka kokha. Koma musadzachitenso." Ndinafunsa ngati ndi minibasi ija. Anati, "Inathandizira, kapena." Ndinafunsa ngati zidzabwerenso. Anati munthu wa mapapo ngati ako zimamuvuta kuposa anzake, chifukwa alibe mpweya wapadera wosunga, ndiponso zimachedwa kudziwika poti aliyense amaganiza zimene ndinaganiza inezo. Koma zoti zidzabwerenso kapena ayi, anati odwala ngati iwe waona ochepa kwambiri, sangandinamize. Ndinatuluka m'kachipinda muja ndili ndi "mwina" wodzaza manja onse awiri, ndipo mpaka lero sindinapeze pomuika.

Za mapiritsi ndiye ndi pamene mutu wanga unaima. Anakupatsa oti magazi asaundanenso. Ndinathokoza Mulungu, ndinati basi tapulumuka. Kenako tsiku lija kutchalitchi unatsokomolera m'kansalu, ndinaona kufiira, iwe n'kubisa msanga m'thumba ngati wakuba. Titabwerera kuchipatala, dokotala mmodzi anati mwina tiwasiye, mapapo ako ali ndi zilonda kale, magazi osaundana akhoza kutuluka osaleka. Wina anati ayi, tikawasiya chibuluma chija chibwerera. Anakambirana m'Chingerezi ine ndili pomwepo, ndipo Chingerezi changa cha Fomu Folo chinangokwanira kundiopseza. Ndinafunsa kuti, "Ndiye ineyo ndiziopa ziti, magazi kuundana kapena magazi kutuluka?" Wamkuluyo anati, "Zonse ziwiri, mayi." Ndi mayi uti angaope mbali ziwiri nthawi imodzi? Ndinafika poyesedwa kuti ndizikupatsa theka la piritsi, kuti onse awiri akhale olondola pang'onopang'ono. Ndinalidula ndi lezala tsiku lina. Ndinakhala nalo m'manja, kenako ndinachita mantha, ndinakupatsa zidutswa zonse ziwiri. Iwe usadzadule. Mapeto ake anagwirizana kuti upitirize mpaka ukaonane ndi madokotala a ku Joni, ndiye imwa monga analembera. Mnzako wa m'basi akakuuza za mankhwala ake a mutu kapena za muzu wa kwa agogo ake, umuthokoze, usamwe. Magazi akatuluka potsokomola usabise m'thumba. Ukudziwa kuti umabisa.

Ndikuuze chinanso chimene sindinauze munthu kumpingo. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha kuti khomo litseguke, upite kumene matenda akowa amawadziwa, kumene dzina lija salifunsa kawiri. Bambo ako aang'ono a Lakisoni ataimba foni kuti pamalo pamene amagwira ntchito pali mpata, ndiponso kuti afufuza chipatala chimene chimaona anthu ngati iwe, ndinagwada pakati pa nyumba ino. Tsopano khomo latseguka, ndikudzipeza ndikupempha kuti basi iwonongeke isanafike pa Chintheche. Kumene kuli thandizo lako ndi kutali, ndipo njira yopitira kumeneko ndiyo imene dokotala anati ndiyoopsa: kukhala wopindika masiku angapo, miyendo osayenda. Ndiye ndipemphe chiyani? Ndimayamba pemphero, pakati ndimasintha, pomaliza ndimangoti Ambuye mukudziwa Inu. Kaya ndi chikhulupiriro chimenecho kaya ndi ulesi, sindikudziwa.

Dokotala sanakuletse ulendowu, unalipo, unamva. Koma unkayang'ana foni, ndiye ndibwereza. Anati pansi pa mpando wako pasakhale kanthu, pamawondo pasakhale kanthu. Uzitambasula miyendo, uzipondaponda ndi zidendene ngati ukupalasa makina osokera. Basi ikaima paliponse utsike, uyende, ngakhale ena atsale m'tulo. Masokosi othina aja uvale, ngakhale ukuti ndi a agogo. Ndipo uzimwa madzi.

Za madzizi ndikudziwa chimene chidzachitike, chifukwa ndinachichita ndekha. Pamene ndinkapita kumaliro a mayi anga ku Ntchisi, ndinakhala tsiku lonse osalawa dontho, kuopa manyazi opempha dalaivala kuti aime. Mayi wina atapempha, basi yonse inamuseka, wina kumbuyo anati, "Amayi, thanki yanu ndi ya njinga yamoto?" Ine ndinasekanso nawo, botolo langa lili lotseka m'chikwama. Ndinafika mutu ukuwaza, miyendo ngati mitondo. Opita ku Joni onse amatero, amauma dala. Iwe sungathe. Thukuta lako limatenga mchere ndi madzi kuposa la anzako, ndipo thupi likauma makhololo amalimba, magazinso amalemera. Imwa. Pempha kuti aime. Akuseke. Anthu amenewo akatsika sudzawaonanso, koma ine ndikufuna kudzakuonanso.

Lero m'mawa ndinayesa kulankhula ndi bambo ako za maphukusiwa. Anati, "Ine ndinapita ku Joni nditakhalira thumba la ufa, mutu ukugunda denga, nkhuku ya munthu ili pachifuwa. Ndinafa?" Ndinati, "Inu mapapo anu ndi a mvuu, musayerekeze ndi mwana." Anati, "Anthu a kumapiri inu mumaopa ndi madzi a m'beseni omwe." Ndinati, "Amene anathamanga opanda nsapato mpaka ku Makuzi anali wa kumapiri?" Anayang'ana maphukusi aja nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga anthu tiwauza chiyani?" Sanadikire yankho. Anatenga chipewa, akuti kuli zokambirana za denga la tchalitchi. Usawaweruze. Amakukonda, koma anabadwira muno, ndipo kubweza phukusi la munthu kwa iwo kuli ngati kulavula m'mbale.

Ndinasiya kulemba pang'ono, kunabwera mlendo. Ndiyenera kukuuza zimene ndachita, ndili ndi manyazi.

Anali ankhazi ako, anyaManda, mlongo wa bambo ako. Abwera atasenza ndowa ya pulasitiki, ya chivindikiro, yaikulu ija yotungira madzi, ataikulunga ndi chitenje. Muli ufa wa kondowole umene aviika okha, ayanika okha, asinja okha, wa mwana wawo Esinati amene wangobereka kumene ku Joni. Akuti mtsikanayo akulira pafoni kuti ufa wa m'sitolo sukutsika, mkaka sukubwera bwino. Atula pakati pa balaza, apukuta thukuta, akuti, "AnyaBanda, iyi ndiye asaike m'ngolo, inganunkhe mafuta a galimoto. Aiike pakati pa miyendo, aikumbatire ngati mkazi wake, poti wina alibe." Aseka, ine ndaseka. Wongani, cholembera chinali chikadali m'manja mwanga, mawu oti pansi pa mpando pasakhale kanthu asanaume n'komwe. Ndachiika pansi, ndawomba m'manja, ndati, "Yewu, ankhazi." Ndalandira ndi manja awiri.

Ukudziwa chifukwa chake. Pamene unali pa mpweya wa m'botolo, ine nditatha mphamvu, anagona pansi pa bedi lako ndi ankhazi amenewa. Ndi iwo ankakugwirira chophimba pamphuno ukamachikankha m'tulo. Ndi iwo anandikokera panja kukandisambitsa kumaso pamene ndinayamba kukuwa m'wodi. Munthu woteroyo umamuuza bwanji kuti ndowa yake ndi yoopsa? Ndipo iwe ndiwe woposa ine pa zimenezi. Mudzi uno wonse unakunyamulapo tsiku lina, wina pamsana, wina panjinga, wina m'pemphero, ndiye umayenda ngati munthu amene alibe ufulu wokana. Ndakuona ukunyamulira anthu mitolo ukutsokomola. Ndine ndinakuphunzitsa, ndinkati mwana wodwaladwala azikhala waulemu kuti anthu asatope naye. Lero ndikufuna kufafaniza phunziro limenelo tsiku limodzi, ndipo sindikudziwa ngati zimatheka.

Ndaganiza kuti ndisakusiyire ntchito imene ine ndalephera. Ndikupita kukabweza. Ndidzamaliza ndikabwerako.

Ndabwerako. Khosi likuwawa ndi kusenza, ndipo sindikudziwa ngati ndakonza kapena ndawononga.

Ndinayamba ndi phukusi langa. Inde, panali langanso, nsinjiro ndi bulangete lochindikala, ndinali nditakonza zoti ukaike kumiyendo, ine yemwe. Ndalibweza m'kabati kuti wina asanene kuti ndasankha. Kenako ndayenda khomo ndi khomo. AnyaMhone angoti, "Chabwino, aphunzitsi," koma mawu oti aphunzitsi awatchula ngati akutchula dzina la matenda. Mwini usipa waseka, akuti ndiye mudya nokha fungo, poti lalowa kale m'nyumba. Ena ndawauza kuti mwezi wamawa kuli anyamata onyamula katundu pa galimoto zawo kupita naye ku Joni. Ndimati ndikatembenuka ndikumva Chitonga chothamanga kumbuyo kwanga, chija amalankhula akafuna kuti ndisatole.

Ndowa ndinaisiyira kumapeto. Ndawapeza ankhazi akusenda chinangwa pakhonde. Ataona chimene ndasenza sanandipatse mpando. Ndatula, ndagwada, ndayamba kufotokoza za njira ziwiri za m'mapapo, za magazi oundana, za miyendo. Ndinayesa m'Chitonga kuti ndiwalemekeze, koma mawu amandisowa, ndimalowetsa Chichewa, kenako Chingerezi cha adokotala, ndipo ndimadzimva ndekha kuti zikutuluka ngati ndikuphunzitsa Sitandade Fayifi. Iwo mpeni osaleka. Nditamaliza anati, "Ndinagona pansi pa bedi lake ine. Mukundiuza za mapapo a Wongani ngati ndinawamvera pawailesi?" Ndinati, "Ndi chifukwa chake ndabwera kwa inu, ankhazi, mumvetsa." Anati, "Ufawu ukafika mwezi wamawa, mwana wa Esinati atayamba kukwawa?" Ndiye anaika mpeni pansi, n'kundifunsa funso limene landitsatira mpaka pampando pano.

Anati, "AnyaBanda, ku Joni kulibe inu. Mnyamatayu akabanika kumeneko, a Lakisoni ali kuntchito, adzamuthamangitsira kuchipatala ndani? Adzamumenya pamsana m'mawa ndani? Si abale a anthu omwewa mwawabwezera katundu lerowa? Munthu amalowa m'nyumba za anthu ndi phukusi lochokera kwawo. Inu mukumutumiza manja lendelende, ndi mbiri yoti amake anayenda mudzi wonse kubweza ufa. Mukuti mukumuteteza?"

Mwina akunena zoona. Mwina ndateteza miyendo yako masiku a m'basi okha n'kukutsekera zitseko za zaka. Ndinkaganiza kuti pa nkhani iyi yokha ndikudziwa chochita, ndiye taona, yakhalanso ngati ya mapiritsi ija, yoopa mbali ziwiri. Ndinaimirira kuti ndizipita, iwo anati, "Isiyeni pomwepo. Mawa ndibwera nayo ndekha pasiteji, ndidzamupatsa m'manja mwake. Tione ngati mwana wa mlongo wanga angandikanire pamaso pa anthu."

Ndipo adzabwera. Umawadziwa.

Njira yonse yobwerera ndimadzifunsa kuti kodi ndowa imodzi ingaphe munthu? Dokotala sananene kuti ndowa imapha. Ananena kuti miyendo ikhale yomasuka, ndipo ngakhale itamasuka sanalonjeze kanthu. Mwina ukhoza kuinyamula n'kukafika bwinobwino, ine n'kukhala mayi wamisala amene anadanitsa banja pachabe. Koma ndinaona mwendo uja, ndinamva msana uja ukulira bwino iwe ukutha, ndipo sindingathe kubetcha pa mwina. Komanso ukalandira ya ankhazi, anyaMhone adzakhala ali pomwepo ndi mpunga wawo, ndipo kutsogoloku, pa Dwangwa, pa Nkhotakota, pali abale amene amva kale kuti ukudutsa. Adzakupatsira pawindo. Kumeneko ine kulibe.

Ndiye ndikukupempha ichi, ndipo ndi chachikulu kuposa zonse ndalembazi. Mawa ankhazi akatula ndowa ija patsogolo pako, usayang'ane kwa ine, usayang'ane kwa bambo ako. Gwada. Uwauze wekha, m'Chitonga chako chabwino chija, chimene ine ndalephera. Usawauze za mitsempha, amadziwa kale. Uwauze kuti ukuopa. Sunanenepo mawu amenewo kwa munthu aliyense chibadwire, ngakhale kwa ine, koma ndikudziwa kuti ukuopa, ndimakumva ukudzigwira katumba ukaganiza kuti sindikuona. Uwauze kuti ukafika udzapita kwa Esinati tsiku loyamba, udzamunyamulira mwana, udzamutungira madzi, udzamuchitira chilichonse chimene manja angachite. Zitseko zimene ndatseka lerozi ukazitsegule ndi miyendo yako yomweyo, ukayende nyumba ndi nyumba, ukapepese m'malo mwanga, ukanene kuti mayi anga ndi a kumapiri, sadziwa zinthu. Ndakulola, unene. Koma manja ako mawa akhale pamawondo. Ukawatambasula, ulemu udzawatsekera wokha pa ndowa ija, ndipo sudzathanso kuisiya.

Kenako uwapemphe akudalitse. Mwina adzatero, poti amakukonda kuposa m'mene akundikwiyira. Mwina adzatembenuka n'kuchoka, anthu onse akuona, bambo ako atagwetsa nkhope. Zikatero mtima udzakuuza kuti tsika, thamangira, landira. Usatsike. Kwera, khala, tambasula miyendo mpaka igunde mpando wa kutsogolo.

Ankhazi ako undisiyire ine. Timakhala benchi limodzi kutchalitchi, iwo kumapeto, ine pambali pawo, ndipo palibe wa ife amene angasamuke. Ndidzakhala pamenepo Lamulungu likudzali, ndi linalo, ndi linalo, mpaka adzandiyankhe moni.

Ambuye akugwire dzanja pamene langa silifika.

Ndine mayi ako,
Nabanda